Mbale wanu akasowa, yambani ndi kope

M'nyumba mwanga muno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, muli kope lachikuto chakuda, longa lomwe ana asukulu amalembamo masamu. Langali ladzaza ndi mayina a anthu, manambala a foni, masiku, ndi zonse zomwe ndinauzidwa zokhudza mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu ananyamuka kuno atagulitsa fodya wake, kutatsala miyezi yochepa kuti matenda a Covid-19 atseketse malire, akuti akukasaka maganyu ku Joni. Anaimba foni ali mumzinda wa Tete. Anaimbanso ali pa Changara, kuuza mayi ake kuti akudikira galimoto yopita ku Cuchamano. Kuchokera pamenepo, zii. Zaka zaposa zisanu tsopano.

Ine ndine malume ake, mwini mbumba, ndiye katunduyu anagwera pamutu panga. Ndineneretu kuti sindinamupeze, mungamawerenge mukuyesa kuti kumapetoku kuli nthungululu. Koma m'kuyendayenda kwangaku ndakumana ndi mabanja ena omwe anapeza anthu awo, wina ali moyo m'ndende, wina atagona kale, ndipo ndaona pomwe iwo anachita bwino ndi pomwe ife tinaphonya. Masiku ano anthu amafika pakhomo panga n'kumati, "Aphunzitsi, mwana wathu sakumveka, tiyambire pati?" Zomwe ndimawauza tikakhala pakhonde ndi zomwe ndalemba pano.

Cholakwa chathu choyamba chinali kudikira. Tinakhala masabata atatu tikutonthozana tokha kuti foni yatha moto, mwina sanapeze layini ya kumeneko, mwina akufuna ayambe wapeza ntchito kenako atiimbire ndi nkhani yabwino. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwambi umenewu sanaunenere munthu wosowa. M'masabata atatu aja, wogulitsa nthochi wa pa Changara anali ataona nkhope zina zikwizikwi, dalaivala anali atayenda maulendo ena, ndipo aliyense amene ndinamufunsa ankangokanda m'mutu. Munthu amene amaimba tsiku lililonse akakhala masiku awiri osamveka, yambani kufunsa. Ngati ndi mwana, nkhalamba yoiwalaiwala, wodwala khunyu kapena munthu wachialubino, musalole dzuwa kulowa. Mukapeza kuti anangogona kwa mnzake, mudzaseka, palibe chomwe mwataya.

Gulani kope tsiku lomwelo, ndipo likhale m'manja mwa munthu mmodzi. Patsamba loyamba lembani tsiku ndi nthawi yomwe anachoka, amene anamuona komaliza, zovala, nsapato, mtundu wa chikwama, ndalama zomwe ananyamula, foni yake ndi manambala ake onse, ndi munthu amene ananyamuka naye kapena amene anamuitana. Masamba otsatirawo muwagawe pakati ndi mzere. Mbali imodzi muzilemba zomwe munthu anaona ndi maso ake, mbali inayo zomwe anangomva. Mzere umenewu ndinauyamba mochedwa, nditataya kale ndalama ya thiransipoti kupita ku Moatize, komwe kuli migodi ya malasha, chifukwa cha mawu akuti "anamuona ku malasha". Nditafufuza, wondiuzayo anamva kwa mlamu wake, mlamuyo anamva pamowa, ndipo wa pamowayo ankanena mnyamata wina wa mudzi woyandikana nafe. Aliyense wobwera ndi nkhani muzimufunsa modekha: mwamuona inuyo? Liti? Anavala chiyani? Munalankhulana?

Kenako khalani pansi ndi mayi ake, padera ndi mkazi wake ngati ali pabanja, mulembe zizindikiro za m'thupi: zipsera, mphini, dzino loguluka kapena lobenthuka, chala chopindika, fupa lomwe linathyokapo, kayendedwe. Mafunso amenewa amapweteka, chifukwa mayi amadziwa chomwe mukuwafunsira. Mlongo wanga anandiyang'ana nati, "Achimwene, mwayamba kale kumuyesa maliro mwana wanga?" Ndinamuyankha kuti chipsera chimathandiza kuzindikira ngakhale wamoyo amene ali chikomokere m'chipatala. Anatonthola, kenako anandiuza za chipsera cha moto chakumwendo chomwe ine malume ake sindinkachidziwa. Pezaninso chithunzi chooneka nkhope bwinobwino, chaposachedwa. Zithunzi za pa Facebook zomwe anyamata amadziyeretsa nkhope, atavala magalasi akuda ndi chipewa, sizithandiza aliyense.

Nkhani ya mayina ndiichedwerapo, chifukwa ife a m'malire imatipweteka kwambiri ndipo ambiri saiganizira. Munthu mmodzi kuno amakhala ndi mayina anayi: lakumudzi, laubatizo, la pa BI (chiphaso chaunzika), ndi lomwe anzake a mpira anamupatsa. La pa BI linalembedwa ndi kalaliki wa Chipwitikizi momwe khutu lake linamvera. Mwale amasanduka Muale, Mbewe amakhala Mbeue, Nkhoma amalembedwa Ncoma. Nthawi zambiri chiwongo sichilembedwa n'komwe, m'malo mwake amaika dzina la bambo kapena la agogo. Munthu yemweyo akakagona m'chipatala ku Dedza amutchula m'kalembedwe ka ku Malawi, ndipo akakagwidwa ku South Africa wopanda mapepala akhoza kutchula dzina lina lililonse, ngakhale dziko lina, pofuna kuti akamubweza asamutaye kutali. Ndiye mukafika pa ofesi n'kutchula dzina limodzi, wa pa kompyuta alemba momwe mwanenera, aona kuti palibe, basi mwabwerera. Lembani mayina onse papepala limodzi, lililonse m'kalembedwe konse komwe mungaganize, pamodzi ndi mayina a makolo, tsiku lobadwa ndi mudzi. Ngati fotokope ya BI, cédula (kabuku kosonyeza kubadwa) kapena khadi lovotera inatsala pakhomo, ichulukitseni, koma yeniyeniyo musamusiyire munthu.

Mukatero pitani kwa nyakwawa kapena kwa sekeletale wa dera lanu, akulembereni kalata yotsimikiza kuti munthuyo ndi wa m'mudzimo ndipo sakuoneka kuyambira tsiku lakuti. Mfumu imathanso kumema anthu kuti asake m'dambo, m'zitsime, m'nkhalango ndi m'minda, zomwe apolisi ochepa a pa posto, polisi yaing'ono ya m'dera, sangathe okha. Ndi kalatayo pitani kupolisi, PRM, pa posto yapafupi kapena ku komando, likulu la polisi la boma lanu. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani, tengani wina wochidziwa, ndipo zomwe zalembedwazo akuwerengereni musanasaine kapena kudinda chala. Musatuluke musanalembe m'kope mwanu zinthu zitatu: tsiku, dzina la amene wakulandirani, ndi nambala ya nkhani yanu. Nambala imeneyi ndiyo chingwe chokokera nkhaniyo mtsogolo. Popanda iyo, ulendo uliwonse mudzayambiranso kufotokoza kuchokera pachiyambi kwa munthu watsopano.

Pa ofesi ina yomwe sindiitchula, bambo wina anandiseka. Anati, "Madala, mnyamata wamkulu ngati ameneyo sasowa. Wapeza mkazi wina, akakhuta abwera." Ndinapsa mtima n'kutuluka, ndipo kumeneko kunali kulakwa kwanga, chifukwa ndinatuluka wopanda pepala. Mukakumana ndi zotere, mezani malovu. Nenani kuti mwamva, koma mukupempha kuti zilembedwe kuti lero munabwera kudzanena. Mukaona kuti pali zokayikitsa, monga anachoka ndi munthu wachilendo, anali pa mkangano wa malo kapena wa ngongole, kapena katundu wake wapezeka ndi wina, nenani zimenezo momveka kuti nkhaniyo ipite ku SERNIC, nthambi yofufuza milandu yomwe inalowa m'malo mwa PIC mu 2017. Nkhani ikaima osayenda, khomo lina ndi Procuradoria ya boma lanu, ofesi ya oimira boma pa milandu, komwe munthu wamba amaloledwa kukadandaula yekha. Ndipo ngati mulibe ndalama ya loya, IPAJ inakhazikitsidwira anthu ngati ife, imathandiza pa zamalamulo kwa osauka. Kulikonse komwe mwasiya kalata, pitani ndi ziwiri, imodzi akudindireni mubwerere nayo.

Foni ya wosowayo musaileke. Muziyimba nthawi zosiyanasiyana, usiku ndi m'mamawa, n'kumalemba ngati ikuitana kapena yazimitsidwa. Onani pa WhatsApp tsiku lomwe anaonekera komaliza, mujambule. Kampani ya foni singakupatseni inu mndandanda wa omwe analankhula nawo kapena dera lomwe foniyo inali, zimenezo zimatuluka pokhapokha ofufuza milandu atapempha mwalamulo, ndiye akumbutseni msanga ndipo muwapatse manambala onse. Pali kanzeru kena kakang'ono: nambala yachilendo ikakuimbirani pa nkhaniyi, yesani kuitumizira kandalama kochepa pa M-Pesa kapena e-Mola, muone dzina lomwe layiniyo inalembetsedwa. Dziwaninso kuti layini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaigulitsa kwa wina. Ife tsiku lina nambala ya mnyamata wathu inaitana patatha chaka ndi miyezi. Mlongo wanga anagwa pansi ndi chimwemwe. Anayankha mayi wina wolankhula Chisena, amene anangoigula layiniyo pamsika. Akanatichenjeza wina, tsiku lija silikanatipweteka chomwecho.

Tsopano tsatirani mapazi ake, ndi thupi lanu ngati mungathe. Wochoka kuno kupita kummwera amadutsa Ulónguè, Mussacama, Moatize, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Changara. Pamenepo njira zimagawikana: ina ikulowera ku Cuchamano ndi Nyamapanda, kudutsa Zimbabwe mpaka Beitbridge ndi Musina, ina ikutsikira ku Chimoio ndi Inchope mpaka Maputo ndi Ressano Garcia. Anthu odziwa zapamsewu ndi makondakitala a chapa (maminibasi), anyamata oitanira, a njinga zamoto, osintha ndalama pachipata, amayi ogulitsa nsima, ndi alonda a malo ogona otchipa. Afikireni mwaulemu nthawi yomwe ntchito yachepa, agulireni chakumwa, asiyireni chithunzi ndi nambala. Musafike ngati wapolisi. Ambiri mwa owolotsa anthu m'njira zachidule amaopa kulankhula, ndipo mukayamba ndi kuloza chala pakamwa pawo pamatsekeka. Amene anamutenga wachibale wanu, kaya ndi thiransipota kaya mnzake wakale amene anamulonjeza ntchito, ndiye munthu wofunika kuposa onse. Dzina lake, nambala yake ndi nambala ya galimoto yake zikafike kwa ofufuza.

Si onse amalowera ku Joni. Ena amapita kokumba golide ku Chifunde, ku Marávia kapena ku Manica, ena ku miyala yofiira ya ku Montepuez, ena kukagwira kapenta pa Cahora Bassa. M'malo oterewa anthu amadziwana ndi mayina ongopatsana, ndipo dzenje likagumukira munthu kapena bwato likatembenuka usiku, anzake nthawi zina amangobalalika poopa milandu. Kumeneko funsani ndi chithunzi, komanso funsani kuti "anyamata a ku Angónia amagona kuti", chifukwa anthu a kumodzi amasonkhana pamodzi.

Gawo lomwe aliyense amalizemba ndi la zipatala, ndende ndi nyumba yachisoni. Pitaniko msanga, ndipo apite munthu wolimba mtima, osati mayi ake. Yambani ndi chipatala cha boma lanu, monga cha ku Ulónguè kwa ife, kenako chipatala chachikulu cha chigawo ku Tete. Funsani za odwala omwe anabwera opanda dzina, a ngozi zapamsewu, ndi omwe anasokonezeka mutu. Ku nyumba yachisoni funsani kaundula wa mitembo yosadziwika kuyambira tsiku lomwe munthu wanu anasowa. Mtembo wopanda mwini sausunga mpaka kalekale, pakapita nthawi umaikidwa m'manda ndi aboma, ndiye ngati mwachedwa funsani ngati anajambula zithunzi kapena kusunga zovala. Ine ndalowamo katatu. Ulendo uliwonse ndinkatuluka miyendo ikunjenjemera, osadziwa ngati ndithokoze kuti si iyeyo kapena ndilire kuti kusaka kukupitirira. Kundende nako funsani, ndi mayina onse aja. Banja lina la kufupi ndi kwathu linapeza mwana wawo ali pa rimandi miyezi isanu ndi iwiri, atamangidwa pa ndewu ya pamsika, iye akuchita manyazi kutumiza uthenga kumudzi.

Pa 24 Malichi 2020, pa sikelo ya magalimoto ya pa Mussacama, anaimitsa thiraki yochokera ku Malawi. Atatsegula kontena anapezamo anthu 64 atafa chifukwa chosowa mpweya, 14 okha ali moyo. Anali a ku Ethiopia, pa ulendo womwewo wa ku South Africa. Malo amenewo ndimadutsapo nthawi zonse popita ku Tete. Nditamva pa wayilesi ndinaganiza za makomo 64 a kutali uko, komwe amayi ankayang'ana foni ngati momwe mlongo wanga amachitira. Msewu wathuwu umameza anthu a mitundu yambiri, ndipo wofera m'dziko la eni wopanda pepala m'thumba amasowa kawiri.

Ife a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Zóbuè tili ndi vuto lina: malire ali pakhomo. Pa Lizulu kapena pa Biriwiri munthu amangodumpha msewu, ali ku Malawi. Mwana wotengedwa m'mawa kuno, masana akhoza kukhala ku Ntcheu kapena ku Dedza, mawa lake akuweta ng'ombe kapena kusoka fodya pa esiteti ina kutali. Choncho kanenani mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo. Ku polisi ya ku Malawi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa yomwe amaitcha Victim Support Unit, ndipo chilankhulo ndi chathu chomwechi. Kuno kwathu ku polisi kuli ofesi yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, ndiponso nambala yaulere ya 116 yonenerako nkhani za ana, Linha Fala Criança. Kuzembetsa anthu ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo lomwe dziko lathu linakhazikitsa mu 2008, ndiye amene anabwera ndi mawu okoma akuti "ndikamulipirira sukulu m'tauni" n'kusiya kuyankha foni, musamuchitire manyazi chifukwa choti ndi wachibale kapena wa mpingo umodzi. A ku Chifunde ndi Marávia achite chimodzimodzi ndi mbali ya Zambia kudzera pa Cassacatiza.

Wosowa nthawi ya madzi osefukira, uthenga uthamangire kumunsi kwa mtsinje, kwa asodzi, eni mabwato ndi olima m'madimba. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atadzaza Revúbuè mpaka kugwetsa mlatho, madzi anakokolola ngakhale galimoto ya mkulu wa boma la Tete, José Maria Mandere, ndipo thupi lake linakapezeka kumunsi. Madzi amapita ndi munthu kutali kuposa momwe achibale amaganizira.

Ngati zizindikiro zikuloza kunja kwa dziko, pitani ku Cruz Vermelha, Red Cross ya kwathu kuno. Ali ndi ofesi ku Tete, ndipo mogwirizana ndi Red Cross ya m'mayiko ena amathandiza kulumikiza mabanja omwe anatayana chifukwa cha nkhondo, ngozi zachilengedwe kapena maulendo ngati awa. Salipiritsa. Adzakufunsani mafunso ambirimbiri, ndipo apa m'pamene kope lija limakupulumutsani. Lemberaninso akazembe athu: ku South Africa kuli ofesi yaikulu ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg, ku Malawi kuli ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ogwidwa opanda mapepala ku South Africa ambiri amasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, podikira kubwezedwa kwawo, ndiye wachibale amene ali kumeneko ndi mapepala abwino akafunseko. Yemweyo akatsegulenso nkhani ku polisi ya kumeneko, ndi kuyendera nyumba zachisoni za boma, chifukwa malamulo awo amalola kuika m'manda mtembo womwe wakhala masiku 30 osazindikirika. Pakafunika kuyeza DNA, amafuna wachibale wa magazi enieni, makamaka mayi, bambo kapena mwana wake. Malume ngati ine ndimabwera pambuyo.

Mu Januwale 2025, pa mgodi wakale wa golide wa ku Stilfontein, anatulutsa mitembo 78 ndi anthu amoyo 246, ndipo ambiri mwa omwe ankatuluka m'migodi ya kumeneko miyezi imeneyo anali a ku Mozambique. Sabata imeneyo sindinagone. Ndinatumiza chithunzi ndi pepala la mayina kwa aliyense amene ndimamudziwa ku Joni. Palibe chinatuluka, koma ndinaphunzirapo kuti magulu a anthu akwathu okhala kumeneko, a mipingo ndi a zamaliro omwe amasonkherana ndalama zotumizira mitembo kumudzi, amadziwa zambiri kuposa ofesi iliyonse. Apezeni, ndipo muziwakumbutsa mwezi ndi mwezi.

Kulengeza n'kofunika, koma kuli ndi minga yake. Wayilesi imafika komwe intaneti sifika: Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena, kulinso mawayilesi a m'madera ngati ya ku Ulónguè ndi ya ku Furancungo, ndipo kuno kumalire anthu ambiri amamvera za ku Malawi. Kalata iwerengedwenso m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Pa Facebook ndi WhatsApp ikani chithunzi, dzina, malo ndi tsiku lomwe anaonekera komaliza, ndi nambala imodzi yokha, ya munthu wosatengeka msanga. Nambala ya mayi ake musaiike. Ndipo musaulule zizindikiro zonse. Sungani chimodzi kapena ziwiri zomwe akudziwa ndi a m'nyumba okha.

Chifukwa chake n'chakuti akuba amawerenga zolengeza zimenezi. Pasanathe sabata chilengezereni, bambo wina anaimba usiku, akulankhula mwachifundo, akuti mnyamata wathu ali m'chitokosi ku Beitbridge ndipo pakufunika ndalama yomutulutsira kusanache. Kumbuyo kunkamveka munthu akulira. Tinagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a mbatatesi omwe tinasungira mbewu, n'kutumiza. Kutacha nambala ija inali itazima. Wachiwiri ataimba ndi nkhani yofanana, ndinamuuza kuti amufunse mnyamatayo dzina la galu amene anali naye ali mwana. Anadula foni. Wonena zoona sakana kukupatsani munthu wanuyo kuti mulankhule naye, kapena kutchula polisi ndi chipatala chomwe ali kuti wina akaone. Wokufulumizitsani kuti tumizani pompano, ameneyo akufuna mbuzi zanu.

Za asing'anga ndi aneneri ndilankhula mosamala, poti ndikudziwa kuti ambiri mupitako ngakhale nditakuletsani, ndipo ifenso tinapitako. Mtima ukathedwa nzeru umagwira paliponse. Tinaombeza kwa atatu. Woyamba anati ali moyo kutsidya la madzi aakulu, wachiwiri anati anamusandutsa ndondocha, wachitatu analoza mayi wina wachikulire wa m'banja mwathu momwemo. Apa m'pamene ndinaimirira n'kunena kuti basi. Mawu aja akanafika kwa anyamata a m'mudzi, gogo uja akanawotcheredwa nyumba, ndipo pakhomo pakanakhala mavuto awiri. Pempherani, chitani zomwe mtima wanu ukukhulupirira, koma dzina la munthu lotuluka mu ula lisalowe m'kope mwanu kumbali ya zooneka ndi maso.

Pali kusowa kwina komwe achibale amaopa ngakhale kukutchula, komwe womutenga munthuyo akuganiziridwa kuti ndi wa mfuti. Dziko lonse linamva za Ibraimo Mbaruco, mtolankhani wa wayilesi ya ku Palma ku Cabo Delgado, amene anasowa pa 7 Epulo 2020 atatumizira mnzake uthenga woti wazunguliridwa ndi asilikali. Kunonso m'chaka cha 2016, anthu a ku Nkondezi atathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, mabanja ambiri anabalalikana. Nkhani ikakhala yotere musayende nokha. Pitani ndi loya, dziwitsani bungwe loona za ufulu wa anthu la Comissão Nacional dos Direitos Humanos, ndipo masamba a kope lanu muwajambule, zithunzizo zikhale kwa wachibale wa kutali.

Tsono pakhomo pamatsala anthu. Mnyamata wathu anali mkamwini, anasiya mkazi ndi ana awiri kumudzi kwa mkaziyo. Mtsikanayu si wamasiye, poti maliro sitinaike. Pabanja salinso, poti mwamuna palibe. Chaka choyamba onse ankamumvera chisoni, chachiwiri anayamba kumunena akangovala chitenje chatsopano. M'chaka chachinayi akwawo anabwera kwa ine, ankhoswe ali pomwepo, kudzafunsa kuti mwana wawo adikira mpaka liti. Mlongo wanga anakana kwamtuwagalu, akuti kumumasula mpongozi ndiko kuvomereza kuti mwana wake anafa. Tinakhala pansi kangapo. Pomaliza tinamumasula popanda mwambo wa kusudzula kwa maliro, tinangonena pamaso pa ankhoswe ndi mfumu kuti sitimumanga, ndipo ana tidzawathandiza mbali zonse. Ndikuona kuti tinachita bwino, ngakhale mlongo wanga sanandilankhule mwezi wathunthu. Inu musadikire kuti nkhani yotere iphulike yokha. Itanani mbali zonse ziwiri chaka chisanathe, mukambirane za munda, ziweto, ngongole ya fetereza ndi sukulu ya ana, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe.

Kumbali ya boma, malamulo athu a Código Civil amalola khoti kusankha munthu woyang'anira katundu wa wosowa, kuti zinthu zisamangogwidwa ndi aliyense. Kuti khoti linene kuti munthuyo atengedwe ngati anamwalira, pamafunika zaka 10 kuchokera pa uthenga wake womaliza, kapena zaka zisanu ngati pofika nthawiyo akanakhala atakwanitsa zaka 80. Tsiku la uthenga womalizalo adzakufunsani umboni wake. Pepala la kupolisi lija, lomwe munkaliona ngati lopanda ntchito, lidzagwira ntchito pamenepo. A IPAJ angakuyendetseni m'njira imeneyi.

Ana auzeni zoona molingana ndi msinkhu wawo. Ife tinkawanamiza kuti bambo awo ali kuntchito, abwera ndi njinga. Wamkuluyo anadzamva kwa anzake kusukulu, ndipo anatikwiyira ife kuposa momwe anadandaulira za bambo ake.

Ena amatifunsa chifukwa chomwe sitikuchitira mwambo wa maliro, kukwirira zovala zake kuti mitima ikhale pansi. Mabanja ena amatero, ndipo sindiwaweruza. Kwathu zimavuta chifukwa cha zomwe tinaona ndi maso. Nthawi ya nkhondo ya zaka 16 tinathawira ku Dedza, m'gulu la anthu pafupifupi 1 miliyoni omwe Malawi inawalandira. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, ndipo m'zaka zotsatira anthu ena omwe tinawalira kale anatulukira, wina ali ndi mkazi wa ku Ntcheu ndi ana atatu. Kalelonso agogo athu anali ndi matchona awo, omwe anapita ku migodi ya ku Joni kapena ku mapulazi a ku Rhodesia n'kudzabwera imvi zili mbuu, atanyamula sutikesi imodzi. Mlongo wanga anakulira nkhani zimenezi. Ukamuuza za kukwirira zovala, amakuwerengera mayina a omwe anabwerera.

Ndiye tinagawana ntchito. Iye amasunga malaya a mwana wake m'sutikesi, ndipo layini yake yakale saisintha ngakhale netiweki yake imavuta kumudzi, poti ndiyo nambala yomwe mnyamatayo anailoweza pamtima. Amaika mayunitsi mwezi uliwonse kuti isatsekedwe. Ine ndimasunga kope. Pa 30 Ogasiti, tsiku lomwe dziko lapansi limakumbukira anthu osowa, ndimayendanso m'maofesi onse aja ndi nambala ya nkhani yathu, kufunsa ngati pali chatsopano ndi kusiya nambala yanga kwa amene wabwera kumene pa mpando. Mwezi wathawu mnyamata wina wobwera kuchokera ku Musina anati anaonako munthu wotsimphina pang'ono, wolankhula Chichewa cha kwathu kuno, pa famu ina ya malalanje. Ndamufunsa kawiri ngati anamuona yekha, akuti eya, koma dzina sanafunse. Ndazilemba kumbali ya zooneka ndi maso, ndipo Loweruka likubwerali ndikupita kwawo ndi chithunzi.